Mmene Buluzi Anayendetsera Mbuzi pa Chilumba

Kunangokhala chilumba pakati pa nyanja ya madzi amchere, kutali kumpoto kumene anamzeze amapita kuno kukayamba kuzizira. Pachilumbapo panalibe munthu. Mwini wake anali Mfumukazi Kamba, ndipo mkulu wa asilikali ake anali Nguluwe. Njuchi zinkasunga phiri la zitsamba zonunkhira, Zinziri zinkaikira mazira pansi pa zitsamba za minga, aliyense anali ndi pake. Buluzi yekha ndiye analibe udindo. Ankangoyendayenda, lero m'nkhalango, mawa kumaphompho a m'mbali mwa nyanja. Popeza iye chakudya chake chinali tizilombo, zomera zonse ankazidziwa koma panalibe n'chimodzi chomwe chimene ankachikonda.

Tsiku lina kunafika chombo. Amalinyero anatsitsa gulu la mbuzi n'kubwerera m'chombo chawo. Ankati adzabweranso kudzapha zonenepa, koma sanaonekenso.

Mtsogoleri wa mbuzizo anali Tonde, wa ndevu zofika pachifuwa. Mkazi wake wamkulu anali Mkota, ndipo anali ndi kamwana koyamwa. Mbuzi zinayamba kudya pomwe zinatsikira pomwepo. Posakhalitsa msipu wa pagombe unatha, panatsala fumbi, ndipo zinayamba kuyang'ana kunkhalango.

Mfumukazi Kamba anaitanitsa msonkhano pabwalo.

"Zikalowa m'nkhalango zidya timitengo tanthete," anatero. "Mitengo ikuluikulu ija ndi yokalamba ngati ine. Ikadzagwa yopanda ana, kasupe adzaphwa, ndipo kasupe akaphwa tonse tatha. A Nguluwe, mukuti bwanji?"

"Nyanga zija ndaziona, Amayi," anayankha Nguluwe. "Ine ndili ndi mano awiri okha."

Kenako panamveka mawu kuchokera pansi pa tsamba louma.

"Zikomo, Amayi. Mlendo salimbana naye, amamulondolera njira. Nditumeni ine."

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Buluzi."

"Iwe ukazilondolera kuti?"

"Kumene sizikabwerako."

"Nanga ufuna chiyani? Iwe suyenda ulendo waulere."

"Mwala uwo wa pakati pa bwalo, umene dzuwa limayambira kuwomba. Umene amawotherapo a Nguluwe."

Nguluwe anapemerera fumbi ndi mphuno. Kamba sanamuyang'ane n'komwe.

"Nkhalango ikapulumuka, mwalawo ndi wako," anatero.

Buluzi anapita kugombe. Anapeza Tonde akupala mchenga ndi chiboda, ndipo anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Takulandirani, Bwana. Takhala tikukudikirani."

"Iwe kanthu, ukundidziwa ine?"

"Ndani sakudziwani? Chilumba chino chinalibe mfumu ya ndevu. Tinali ndi kankhalamba kogona m'chigoba chake. Ine ndabwera kuti ndikuonetseni dziko lanu, nkhalango zake, maphompho ake, ndi chomera chilichonse ndi dzina lake."

Tonde anamemesa, natembenukira kwa mkazi wake. "Wamva? Ndinakuuza kuti kuno akutidziwa."

"Ndamva, abambo," anatero Mkota. "Mufunseni ngati kuli chakudya. Mwanayu akuyamwa mphepo."

"Chilipo, Mayi, chochita kutaya," anatero Buluzi. "Tiyeni."

Anatsogola, ndipo poyenda anayambitsa nyimbo. Inali ya mizere iwiri yokha. Mzere woyamba unkatama ndevu za Tonde, kuti mphepo ikaziona imapatuka. Wachiwiri unkatchula dzina la chomera chimene ulendowo ukulowera. Tonde ankamva woyamba wokha. A pachilumba ankatchera khutu ku wachiwiri, kuti adziwe kumene gululo likudzera n'kuchotsako ana awo. Mbuzi zinkavomera ndi mawu awo onjenjemera, osadziwa kuti zikudziulula zokha.

Analowa m'nkhalango. Buluzi ankaloza uku ndi uku: uwu ndi mtengo wa azitona wakuthengo, uwu ndi mkuyu, iyi ya makungwa onenepayi ndi imene imagwetsa mtedza. Mbuzi sizinkayang'ana m'mwamba. Maso awo anali pa timitengo tanthete, ndipo ina inali itatsegula kale kukamwa.

"Eee! Pepani, Bwana," anafuula Buluzi. "Kodi kwanu mumadya zimenezo?"

"Zili bwanji?"

"Palibe kanthu. Kungoti kuno zimenezo amadya ndi antchito. N'zofewa, ngakhale nkhono imadya. Koma ngati mano akuvuta, idyani, ine sindikauza munthu."

"Mano a ndani akuvuta?" anakalipa Tonde. "Aliyense atseke pakamwa! Nanga akuluakulu a kuno amadya chiyani?"

"Minga, Bwana. Ikakhala yaitali ndiye kuti ulemu ndi waukulu."

Anazitulutsa m'nkhalango n'kuzifikitsa pa zitsamba za minga. Maganizo ake anali akuti zikalasidwa m'kamwa zibwerera kugombe n'kukafera komweko. Koma Buluzi mbuzi sankazidziwa. Zinalowetsa milomo pakati pa minga, zinathothola masamba, zitatha masamba zinadya ndi minga yomwe. Pofika madzulo panatsala zitsa. Zinziri zinali zitathawa zitamva nyimbo ija, koma mazira sathawa, ndipo onse anaswedwa ndi ziboda.

"Chakudya chaulemu ndithu," anatero Tonde akunyambita magazi pamlomo. "Mawa utionetse kwina."

Buluzi anathamangira kubwalo. Anapeza Zinziri zafika kale.

"Unati kumene sizikabwerako," anatero Kamba.

"Nkhalango ilipo kapena palibe, Amayi?"

"Ilipo."

"Ndiye ntchito ikuyenda."

Ulendo wachiwiri nyimbo inatchula zitsamba zonunkhira. Buluzi anauza Tonde kuti mfumu imadziwika ndi fungo la m'kamwa, ndipo anazikweza phiri la Njuchi. Njuchi zinamva nyimbo koma sizinathawe, chifukwa ming'oma yawo inali pomwepo. Zinatuluka zonse. Zinaluma makutu, zinaluma mphuno, Tonde diso limodzi linatsekeka. Mbuzi zinathawa ndithu, koma zinathawa zitadya theka la phiri, ndipo Njuchi zimene zinaluma zinafa zonse monga zimafera njuchi zikaluma.

"Zinthu zija n'chiyani?" anafunsa Tonde atakhala pansi.

"Ndi oimba anu, Bwana. Amalonjera mfumu yatsopano poipsompsona. Amene watupa kwambiri ndiye wakondedwa kwambiri."

Tonde anayang'ana gulu lake ndi diso limodzi lija, naona kuti palibe amene watupa kuposa iye. Mtima wake unakhala pansi.

Kubwalo Nguluwe anali atakwiya.

"Amayi, kanthu aka kakutimaliza ife, osati mbuzi. Mazira apita, uchi wapita. Ndiloleni ndikaponde."

"Nkhalango ilipo kapena palibe?" anafunsanso Buluzi.

"Usandifunsenso funso limenelo," anatero Kamba. "Ulendo wotsatira ndimve kuti mbuzi zachepa."

Buluzi anaganiza zolimba. Kuseri kwa phiri kunali chigwa chimene nyama iliyonse inkachilambalala. Kumeneko kunkamera kamtengo kofanana ndi nkhadze, kokongola, kobiriwira ngakhale dzuwa litawamba zina zonse. Ukathyola nthambi yake pankatuluka utomoni woyera. Ulendo wachitatu nyimbo inatchula kamtengo kameneko, ndipo m'matchire simunamveke wothawa aliyense.

Atafika, Buluzi anathyola kanthambi n'kuonetsa Tonde.

"Onani, Bwana. Chilumba chanu chimakama chokha. Uwu ndi mtengo wa mkaka."

Mkota anaima. Ananunkhiza pansi, anayang'ana uku ndi uku.

"Abambo, taimani. Pano palibe ndowe."

"Ndowe zatani?"

"Pamalo pa chakudya chabwino pamakhala ndowe za amene amadyapo. Pano palibe ndi phazi lomwe."

"Ndi munda wa mfumu, Mayi," anatero Buluzi. "Ndani angayerekeze kudzadzithandiza m'munda wa mfumu?"

"Wamva?" anatero Tonde. "Idyani!"

Mbuzi zikuluzikulu zinaluma kamodzi n'kulavula, chifukwa utomoniwo unkawotcha ngati khala. Milomo inatuluka matuza. Koma kamwana ka Mkota kanali kasanadziwe kulavula. Kanali ndi njala, kanaona zoyera zikudontha, kanayamwa nthambi monga kankayamwira amake. Mkota atatembenuka anakapeza katagona chammbali, thovu lili kukamwa. Anakanyambita, anakakankha ndi mphuno kuti kadzuke. Dzuwa lisanapendeke kanafa.

"Mwina kanali kodwala kale," anatero Buluzi.

Tonde anavomera kuti mwina kanalidi kodwala kale. Mkota anakumba ndi ziboda pansi pa mwala, anaika mwana wake, anakwirira.

M'mawa mwake Mkota anamupeza Buluzi akuwothera dzuwa, ndipo anaima moti mthunzi wake unamuphimba.

"Iwe, nyimbo yako ija umaimbira ndani?"

"A Tonde, Mayi."

"Mzere woyamba. Nanga wachiwiri? Pamene tinkapita kuminga, tchire linali piringupiringu othawa. Dzulo sikunathawe aliyense, chifukwa kumene unkatipititsa sikukhala aliyense."

"Mayi, chisoni chimachititsa munthu kumva zinthu zambiri."

"Lero ukutipititsa kuti?"

"Kumaphompho. Kumeneko ndiye kuli chakudya chenicheni. Ndinkasungira pomaliza."

"Chabwino," anatero Mkota, nachoka.

Kumaphomphoko kunali kanjira kotsika m'mbali mwa thanthwe, pansi pake mafunde. Chapakati kankagawikana. Kakumanja kanali kolimba. Kakumanzere kankaoneka kotakasuka, koma miyala yake inali yongosanjikizana, yodikira woiponda. Buluzi anaima pamaso pa Tonde n'kulongosola ulendo wonse: akafika pamphambano alowere kumanzere, onse pamodzi, mothamanga, chifukwa maluwa a kumeneko amatseka akamva mapazi ozengereza. Iye mwini adzatsogola chapatali, poti anali ndi mng'alu wake umene ankafuna kulowamo.

Ali pafupi kunyamuka, Mkota anabwera ndi luzi kukamwa.

"Abambo, nduna yanu yatitumikira kwambiri. Si bwino kuti izingoyenda pansi ngati wantchito. Lero ikwere pa nyanga yanu, onse aione."

"Wanena zoona," anatero Tonde. "Kwera, mphwanga."

"Bwana, ulemu umenewu wandikulira. Ine ndinazolowera fumbi."

"Ukukana nyanga yanga?"

Buluzi anakwera. Mkota anamumanga m'chiuno ndi luzi, anazunguliza kunyanga, anakoka mfundo ndi mano.

"Kuopa mphepo," anatero. "Kumene apite a Tonde, iwenso upita komweko."

Anayamba kutsika, Tonde patsogolo, Mkota pambuyo pake, gulu lonse mumzere. Buluzi anayesa kudzipotokola, luzi silinalole. Anayang'ana pansi kamodzi, sanayang'anenso. Atafika pamphambano Tonde anakweza chiboda kuloza kumanzere.

"Kumanja! Kumanja, Bwana!"

"Unati kumanzere."

"Ndinanena titayang'anizana. Kumanzere kwanga kunali kumanja kwanu."

Tonde anaganiza pang'ono, anaona kuti n'zomveka, nakhotera kumanja. Mkota podutsa anakankha mwala umodzi wa kanjira kakumanzere. Mwalawo unagwa, unakoka anzake, kanjira konse kanakokoloka n'kukathera m'madzi. Mkota anayang'ana Buluzi, Buluzi anayang'ana kumwamba.

"Bwanji lero kuli chete?" anatero Mkota. "Imba."

Buluzi anaimba, mawu akunjenjemera kuposa a mbuzi. Mzere wa ndevu unatuluka mwachidule. Wachiwiri sunatchule chomera chilichonse. Unkangouza Tonde poponda, pano inde, apo ayi, apo pali ndere zoterera, apo mwala ndi wowola. Mbuzi zinkavomera n'kumaponda pomwe waponda mnzake. Zikutsika choncho zinazindikira kuti ziboda zawo zimagwira thanthwe bwino kuposa mmene zimagwirira dothi. Zing'onozing'ono zinayamba kudumpha dala.

Chakudya chinalikodi. M'ming'alu munali zitsamba zoyanga za maluwa oyera, munali kabichi wakuthengo, munali timasamba tonenepa ta mchere timene mafunde amatiwaza. Kuyambira kalekale panalibe wa pachilumba amene ankafikako kukadya.

"Ichi?" ankafunsa Mkota pa chomera chilichonse.

"Idyani."

"Ichi?"

"Chimenecho ayi. Chimatsegula m'mimba."

Ankanena zoona, chifukwa Tonde akanachita chizungulire onse awiri akanapita. Mbuzi zinadya mpaka mimba zinalimba. Mawere a Mkota anadzaza mkaka tsiku limenelo, ndipo woyamwa panalibe.

Atakwera pamwamba, Tonde analamula kuti nduna yake imasulidwe. Buluzi anatsika, anawongola msana, ndipo nzeru zinabwerera.

"Kuno ndi kwabwino," anatero Tonde. "Koma mawa tibwerere kunkhalango. Ndikufuna kuona kankhalamba kaja kakundigwadira."

"Mungathe, Bwana. Kungoti pali mwambo wa kuno umene ndinaiwala kukuuzani. Taonani, nkhalango ili kuti?"

"Uko kumunsi."

"Nanga inu muli kuti?"

"Pamwamba."

"Kuno amene amadya ndi kugona kumunsi ndi wantchito wa amene ali pamwamba. Kankhalamba kaja kakhala zaka zonsezi kakulakalaka malo ano, koma miyendo ndi yaifupi. Mukangotsika inu, kadzauza akabawi kuti akanyamule n'kudzakaika pano pamene mwaimapa. Mukadzacheuka mudzapeza kakukuyang'anirani pansi."

Tonde anaponda thanthwe mwamphamvu. "Imvani nonse! Kuyambira lero mbuzi imene idye tsamba la m'nkhalango si ya gulu langa. Ife sititsika!"

Buluzi anapita kubwalo mosathamanga.

"Amayi, mbuzi ndazitsekera kumaphompho. Kutsogolo kwawo ndi nyanja, kumbuyo kwawo ndi lamulo la mfumu yawo yomwe."

"Zachepa?"

"Yachepa imodzi."

Kamba anatuma Khwangwala kuti akaone, ndipo Khwangwala anabwera n'kunena kuti mbuzi zili kakasi pamatanthwe, palibe imene ikuyang'ana kunkhalango. Kamba anauza Nguluwe kuti achoke pamwala. Buluzi anakwerapo, anatambasula miyendo yonse inayi, natseka maso.

Kenako inafika nyengo ya dzuwa. Timadzi ta m'maenje a pamatanthwe tinauma, ndipo madzi a m'nyanja samweka. Tsiku lina masana nyama za pabwalo zinaona mbuzi imodzi ikutsika yokha, ikudutsa pakati pa timitengo tanthete osaluma ngakhale tsamba. Nguluwe anaimirira. Buluzi anafuna kutsetsereka pamwala, koma anaona kuti maso onse ali pa iye.

"Odi kuno," anatero Mkota.

"Fikani, mayi mnzanga," anatero Kamba. "Mwabwera nokha?"

"Ndabwera ndekha. Amuna anga sakudziwa. Ndabwera ndi nkhani ziwiri."

"Yambani."

"Yoyamba ndi madzi. Kumtunda kwauma. Pakapita masiku ochepa ludzu lidzaposa lamulo, ndipo gulu lonse lidzatsika. Likatsika lokha silidzasankha poponda kapena poluma. Tipatseni njira imodzi yopita kukasupe. Ndizizitsogolera ine, tizimwa n'kubwerera, pakamwa potseka."

"Nanga amuna anuwo, amene amati satsika?"

"Ndikawauza kuti madziwo ndi mtulo umene inu mukupereka kwa iwo. Adzamwa mokondwa."

"Kawauzeni zimene mukufuna. Madzi sadziwa dzina limene apatsidwa. Njira mwapatsidwa. Yachiwiri?"

Mkota analoza pamwala ndi mphuno. "Uyo anapha mwana wanga."

"Ndinamutuma ndine," anatero Kamba.

"Ndikudziwa. Inu munkateteza kwanu, ife sitinabwere mwakufuna kwathu, zimenezo ndazisiya. Koma uyu anathyola nthambi ndi dzanja lake, anati ndi mkaka, mwana ali pomwepo akumva. Ndipatseni ameneyu. Mukakana, njira yanuyo sindiifuna, ndipo mudzationa tonse."

Kamba anabweza mutu m'chigoba, anakhala momwemo kanthawi, kenako anautulutsa.

"Buluzi, tsika."

"Amayi, ine ndinagwira ntchito yanu!"

"Unagwira, ndipo mwala unalandira. Tsopano nkhalango ikufuna china. Tsika."

Nguluwe anaima kumbuyo kwa mwala kuti pasakhale kothawira. Buluzi anatsika, anafika pamaso pa Mkota, nagwada.

"Mayi, sindikana. Ndikupempha zinthu ziwiri zazing'ono, pamaso pa bwalo lino."

"Nena msanga."

"Mundiponde kamodzi kokha. Chimene chili pansi pa chiboda chanu chikasiya kugwedezeka, mlandu uthere pomwepo. Musadzavutitse abale anga, iwo sanalakwe."

"Kamodzi n'kokwanira. China?"

"Ndiloleni nditembenuke. Ndilibe mtima woona chiboda chikubwera."

"Tembenuka."

"Bwalo lamva?" anafunsa Buluzi.

"Lamva," anatero Kamba.

Buluzi anatembenuka, anagona chamimba, maso ali pa mthunzi wa mwendo wa Mkota. Mthunziwo utakwera n'kuyamba kutsika, iye anadumphira kutsogolo. Chiboda chinagwera pa mchira. Buluzi anauleka mchirawo pomwepo, anadutsa pakati pa miyendo ya Nguluwe, nalowa pansi pa muzu wa mkuyu.

Mkota anayang'ana pansi. Mchira unali kupirikita wokha pansi pa chiboda, uku ndi uku, ngati wamoyo. Iye anali asanaonepo chinthu chotere, chifukwa kwawo ankakulira m'khola. Sanachotse mwendo. Bwalo lonse linayang'ana mchirawo mpaka unafooka, unagwedezeka komaliza, n'kukhala chete.

"Wasiya kugwedezeka," anatero mawu ochokera pansi pa muzu.

Mkota anatembenukira kwa Kamba.

"Munkadziwa kuti amatero?"

"Ndinkadziwa."

"Umeranso?"

"Umeranso."

"Bwanji simunanene?"

"Ndi wabodza, koma ndi wanga," anatero Kamba. "Inunso muli naye wanu kumtundako amene mumamuphimba."

Nguluwe anakonzeka, poganiza kuti nyanga zibwera. Koma Mkota anangochotsa chiboda pa mchira uja.

"Ndinalonjeza pamaso pa bwalo. Mlandu watha. Mawa tibwera kudzamwa madzi."

"Bwerani," anatero Kamba.

M'mawa mwake mbuzi zinatsika mumzere, Mkota patsogolo, Tonde pakati akuuza ana kuti aone mmene antchito amaperekera mtulo. Kamba anali atakhala m'mbali mwa njira kuti aone ngati pangano lisungidwe. Zinamwa, zinatembenuka, zinayamba kukwera, pakamwa pali potseka. Mkota anatsalira kumbuyo. Atafika pamene panali Kamba anaima, anasankha kamtengo kanthete ka azitona kamene kanali kowongoka kuposa tinzake, anakaluma patsinde n'kukazula ndi mizu yomwe. Sanakadye. Anakaika pansi patsogolo pa Kamba, namuyang'ana m'maso.

Nguluwe anatsegula pakamwa kuti afuule.

"A Nguluwe," anatero Kamba, "mwaona chiyani?"

Nguluwe anayang'ana kamtengo, anayang'ana Mkota, anayang'ana mfumukazi yake.

"Sindinaone kanthu, Amayi."

"Inenso," anatero Kamba.

Mkota anatsatira anzake kumtunda, ndipo sanalumenso kanthu m'njira imeneyo masiku onse a moyo wake.

Nthano yanga yafika pamphepete, kutsogoloku ndi madzi okhaokha.